Thu Koloko kwa Achemwali ku Chikanda

Cholakwa chinali changa. Ndiyambe ndi pamenepo, chifukwa ife amuna a msinkhu uno tikayamba kusimba nkhani timakonda kudzitsuka kaye. Modemu ya achemwali anga ku Chikanda ndinaitchera ndine, ndi manja angawa, ndipo nditamaliza ndinayenda mlungu wathunthu ndikudzitama kwa aliyense wofuna kumva.

Achemwali ndi aakulu kwa ine ndi zaka zisanu. Anataipa makalata m'maofesi a boma kuno ku Zomba kuyambira ali mtsikana mpaka tsitsi litachita mbuu. Ine ndinali kalaliki wa sitolo kunkhalango ya paini pa Phiri la Zomba, wosunga macheka, majombo ndi makhasu, ndipo nditapuma ndinamanga kanyumba kanga kumtunda, cha ku Mulunguzi. Tonsefe ndife anthu a mafomu ndi masitampa, koma timasiyana pamodzi. Ine ndikaona vuto ndimayamba ndi kukalipa, iwo amayamba ndi kufuna pensulo.

Nthawi imene ndikunenayi n'kuti alamu, amuna awo, atagwa sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, mawu anatsekeka, munthu amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi anatsala ndi ka "eee" kokha kotulukira pakhosi. Achemwali sankachoka pakhomo. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa, zonse anali iwo. Mwana wawo wamkazi, muphwa wanga, ataona mmene zinthu zinalili, ananyamuka kukagwira ntchito ya m'nyumba kumaiko a Aluya. Ine monga malume wake ndinavomereza ulendowo, ngakhale mtima unkakana. Kumeneko foni sankakhala nayo. Mayi wa nyumbayo ankamupatsa tsiku limene wafuna yekha, masana akamakagona, mphindi zochepa chabe, kenaka n'kuilandanso.

Nyumba ya achemwali ili kumunsi kwenikweni, m'khwawa, kumene netiweki imafika ngati yachita kukakamizidwa. Kuti foni igwire, munthu ankayenera kukwera mpaka kumsewu. N'chifukwa chake tinaika modemu pamwamba pa khoma la pabalaza, kamlongoti kake titakamangirira kunsungwi yaitali panja. Zinayenda bwino, kupatula chinthu chimodzi. Kuseri kwa nyumba kuli zipinda zitatu zogonamo atsikana a ku koleji, ndipo achemwali pasiwedi ya wayifayi ankangoigawa ngati mchere.

"Achemwali, bandulo ikutha masiku atatu!" ndinakalipa. "Mwana akaimba tsiku lachinayi muyankha ndi chiyani? Sinthani pasiwediyo, awa asakudyereni masuku pamutu."

"Nawonso ndi ana a eni ake, achimwene," anandiyankha. "Amayi awo akudikira foni ngati mmene ndikudikirira ine. Pezani njira ina."

Njira ndinaipezadi, ndipo inali yanzeru, ndisadzinyoze pa zonse. Ndinalowa mkati mwa modemu kudzera pa foni, n'kuitchera kuti wayifayi iziyaka thu koloko masana, izizima sikisi koloko madzulo. Maola anayi amenewo ndiwo ankagwirizana ndi nthawi imene muphwa wanga ankaimba. Atsikana apezeko mpata, bandulo ikhalitse, aliyense akondwe. Potchera pamenepo modemu inafunsa kuti nthawi ili bwanji. Ndinayang'ana wotchi yanga ya pamkono, ndinalemba ola ndi mphindi zake ndendende. Pansi pake panali kabokosi kena konena kuti modemu ikhoza kumadzitengera yokha nthawi ku intaneti. Ndinakaona ndi maso angawa. Ndinati, aaa, ine mwini wotchi yosaphonya ndikafunse nthawi kwa anthu amene sindikuwaona n'komwe? Ndinakadumpha dala.

Miyezi iwiri zinthu zinali myaa. Thu koloko ikakwana kanyali kobiriwira kankayaka pamodemu, mwana akapeza foni ankaimba, ankawaona bambo ake pa vidiyo, n'kuwaseketsa. Kenaka nyengo yozizira inafika, ndipo magetsi anayamba chizolowezi chawo chozima cha m'ma eyiti m'mawa n'kubwera masana.

Lachitatu lina achemwali anakhala pambali pa bedi la alamu, foni ili m'manja, kuyambira thu mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa phiri. Zii. Anangoti mwina lero sanamupatse. Mawa lake atadzuka faifi koloko kuti atereke madzi osamba a alamu, foni inalira kangapo motsatizana. Inali ikuonetsa kuti mwana anaimba katatu dzulo lakelo, teni pasiti firii, nthawi imene iwo anali ataigwira foniyo m'manja. Zinachitikanso Loweruka, n'kubwerezanso mlungu wotsatira. Uthenga wa mwana unayamba kusintha mawu. Woyamba unati, "Amayi, munali kuti?" Wachiwiri unati, "Bwanji simukuyankha?" Wachitatu unali waufupi kwambiri: "Ababa ali moyo? Musandinamize."

Apa ndiyenera kufotokoza chifukwa chake mwanayo sankakhulupirira mayankho athu. Kwathu munthu amene ali kutali sitimuuza maliro mwachindunji. Timati matenda akula, timati mukapeza mpata mubwere, timazungulira mpaka munthuyo adzaone yekha msasa pakhomo. Timati n'chifundo. Ndipo muphwa wangayu tinamuchitapo zimenezi. Agogo ake, mayi athu otibereka, anamwalira iye ali pakati pa mayeso a Fomu Folo kusukulu yogonera komweko. Amene analamula kuti asauzidwe ndinali ine, mwini mbumba. Amene anamuyankha pa foni kuti agogo akupezako bwino, ataikidwa kale masiku asanu, ndinalinso ine. Mwanayo sanandinenepo chilichonse, koma sanaiwale.

Choncho achemwali atamujambulira mawu m'mawa kunena kuti bambo ake ali bwino, iye anayankha patapita masiku kuti agogonso ankapezako bwino. Atamutumizira chithunzi, anati chithunzi chikhoza kukhala cha mwezi watha. Uthenga womaliza ndi umene unatiopsa kwambiri. Unati, "Ndikapanda kuwaona ndi maso anga akugwedezeka mwezi uno usanathe, ndithawa kuno. Ndidzaona m'njira mmene ndingafikire." Pasipoti yake inali m'kabati ya abwana ake. Mtsikana wothawa wopanda mapepala m'dziko la eni, chilankhulo osachidziwa bwino, tonse tinkadziwa zimene zingamuonekere. Mwezi unali utatsala ndi masiku khumi ndi awiri.

Ine ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinatukwana a magetsi, ndinatukwana amene anatigulitsa modemu, ndinatukwana ngakhale nsungwi. Ndinati tigule modemu ina. Ndinati tinyamule alamu pa wilibala tizikawakhazika kumsewu masana onse, achemwali anangondiyang'ana mpaka ndinachita manyazi ndekha. M'kuzizira kwa Juni, munthu wodwala chotere! Atsikana a kuseri nawonso ankadandaula kuti wayifayi yafa, koma mmodzi anatchula kuti m'bandakucha imagwira bwino zedi. Ine ndinamva mawuwo n'kuwataya. Achemwali anawatola.

Sanandiuze chimene ankachita. Ndinangoona kuti kalendala ya ku tchalitchi yachoka pakhoma, ili pa tebulo chadodolido, kumbuyo kwake atajambulako mizere itatu yowongoka ndi rula. Tsiku lachinayi masana, ndikutsanzika, anandiimitsa pakhonde.

"Mawa sikisi koloko mukhale muli pano. Sindikunena cha m'ma sikisi, ndikunena sikisi. Ndipo mubwere ndi pasiwedi yolowera mkati mwa modemu ija munaisintha inu."

"Kodi mwapeza chiyani?"

"Mudzaona mawa. Lero magetsi abwera wani koloko, ndiye tili ndi mpata mpaka seveni."

Sindinamve chimene wani koloko ya lero inkakhudzana ndi seveni koloko ya mawa, koma achemwali akalankhula ndi mawu a muofesi amenewo munthu sufunsa kawiri.

Kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inatsika phiri n'kuphimba chilichonse, kamvula kowaza kankalowa mpaka m'mafupa. Ndinanyamuka nthawi yabwino, ndikulumbira, koma pa mlatho ndinakumana ndi mkulu wina amene tinkagwira naye kunkhalango, akutsika ndi njinga yodzaza nkhuni. Munthu sungadutse mnzako wa zaka makumi awiri ngati mtengo. Tinafunsana za kunyumba, za miyendo, za anzathu amene anatsogola. Ndinafika ku Chikanda twente pasiti sikisi, thalauzi litanyowa mpaka m'mawondo.

Achemwali sanandikalipire. Anangoyang'ana wotchi ya pakhoma, kenaka ine, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa. Pamodemu kanyali kobiriwira kanali kakuyaka, m'mawa ngati umenewo.

"Khalani apa. Taonani," anatero akusendeza kalendala ija. Mzere woyamba analembamo tsiku, wachiwiri nthawi imene magetsi abwerera, wachitatu nthawi imene kanyali kazima m'mawa wotsatira. "Lolemba anabwera thwelofu koloko, kanyali kanazima sikisi m'mawa. Lachiwiri anabwera hafu pasiti wani, kanazima hafu pasiti seveni. Lachitatu twente pasiti thwelofu, kanazima twente pasiti sikisi. Werengani maola apakatipo."

Ndinawerenga ndi zala. "Eyitini. Paliponse eyitini."

"Inu munaiuza kuti izizima nthawi yanji?"

"Sikisi madzulo."

"Pa wotchi ya maola twente-folo imeneyo ndi chiyani?"

Ndinawerenganso ndi zala. Eyitini.

"Chinthu ichi sichinawonongeke, achimwene. Chikumvera lamulo lanu bwinobwino. Koma magetsi akazima chimaiwala nthawi, ndipo akabwera chimadzuka chikuyesa kuti ndi pakati pa usiku, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pa ziro. Thu koloko yake imakwana ife tili mtulo. Mwana akamaimba masana, icho chimati kudakali mdima."

Abale inu, mayi wa zaka zoposa sikisite, amene sanaphunzirepo za makompyuta, wapeza matenda a makina ndi pensulo ndi rula! Ndinamva kunyada ndi manyazi nthawi imodzi, ndipo manyaziwo ndi amene anali ambiri, chifukwa ndinayamba kukumbukira kabokosi kaja ndinakadumpha.

Achemwali analemba pa foni yawo manambala a kunsi kwa modemu, amene anali atawakopera kale papepala, tsamba lolowera linatseguka. Ndinawauza pasiwedi, imene inali nambala yanga ya kuntchito, ndipo anailemba ndi chala chimodzi akung'ung'udza kuti mabatani a foni anapangira anthu osadziwa kutaipa. Kabuku kachingerezi kamene kanabwera ndi modemu kanali pambali, atapinda ngodya ya tsamba limene ankalifuna. Anapita molunjika pa gawo la nthawi. Zinali mmene ananenera. Kunja kunali hafu pasiti sikisi m'mawa, nkhungu ili tolo, koma modemu inkati ndi hafu pasiti faifi madzulo, tsiku loyamba la Januwale, chaka chimene muphwa wanga anali asanayambe n'komwe sukulu.

"Basi tingochotsa lamulo lozimitsalo," ndinatero msanga, pofuna kuti tichoke pa tsamba limenelo asanaone zambiri. "Iziyaka usana ndi usiku."

"Bandulo ithe Lachitatu, mwana aimbe Lachinayi? Lamulo lanu ndi labwino. Chimene chadwala ndi wotchi." Anasendeza magalasi awo pamphuno. "Apa pali njira ziwiri. Iyi ndi yolemba nthawi pamanja, ndipo ndi imene ili yochongedwa. Iyi ndi yoti izikafunsa yokha ku intaneti nthawi iliyonse ikadzuka. Anachonga yoyambayi ndani?"

Ndinayang'ana kudenga. Ndikanatha kunamizira a kusitolo, koma achemwali anandisambitsapo ndili khanda, bodza langa amalidziwa lisanatuluke.

"Ndine. Ndinati wotchi yanga ndi yolondola."

"Ndi yolondoladi," anatero. "Koma wotchi yanu imagona ku Mulunguzi."

Anachonga kabokosi kachiwiri. Pansi pake panatuluka mzere wokhala ndi adiresi ya kumene modemu izikafunsa nthawiyo, utalembedwa kale. Anayerekeza ndi m'kabuku chilembo ndi chilembo, chala chikuyenda pansi pa mawu, n'kuusiya mmene unalili. Kenaka panabwera mndandanda wautali wa mizinda, woti tisankhe dera limene tili.

Pamenepa ndi pamene ndinayesa kubweza ulemu wanga. Ndinalanda foni, ndinayamba kufuna Zomba. Ndinatsika mpaka pansi, ndinakweranso. Zomba mulibe. Mzinda umene unali likulu la dziko lino, wokhala ndi nyumba ya malamulo yakale, osaulemba! Ndinafuna Lilongwe, mulibe. Blantyre, mulibe. Malawi yense anamuiwala. Ndinapsa mtima zenizeni, ndipo mphindi zitatu zinapita ndikulalatira anthu opanga mamodemu.

"Achimwene, twente thu seveni."

"Chabwino, nayi Nairobi. Tisankhe imeneyi. Ndege zathu zimadzera komweko, mwana yemweyu anadzera komweko."

"Ayi. Bweretsani."

Anatsika pang'onopang'ono mpaka anaima pa mzere wolembedwa Harare ndi Pretoria.

"Harare? Ife ndi Harare zikugwirizana pati?"

"Ndili muofesi ndinkawaimbira mabwana mafoni akunja," anatero osandiyang'ana. "Ndikaimba ku Nairobi thwelofu koloko, ankandiuza kuti bwana wapita kukadya, kwawo ndi wani. Ndikaimba ku Harare, belu lawo la nkhomaliro linkalira limodzi ndi lathu. Mukasankha Nairobi, kanyali kaziyaka wani, kazizima faifi. Mwana akaimba hafu pasiti faifi mudzamuyankha ndinu?"

Zaka zonsezo ine ndinkayesa kuti ntchito yawo inali kungomenya mabatani, osadziwa kuti m'mutu mwawo ankasunga mawotchi a maiko. Panatsala kabokosi kena konena za kusendeza nthawi ndi ola limodzi m'chilimwe. Anawerenga kawiri, n'kukasiya kopanda chochonga. Anati kuno dzuwa sitilikankha. Ndiye anadina posunga.

Foni inazungulira pang'ono. Manambala a nthawi anaphethira, ndinaona ngati asintha, koma ndisanawerenge tsamba lonse linafa. Ndinatukula maso. Kanyali kobiriwira kanali katazima.

"Mwaona! Mwaona zimene mwachita!" Ndinaimirira mpaka mpando unagwa. "Seveni sinakwane, kazima! Mwaipha! Tsopano tilowamonso bwanji? Ndinanena ine kuti tigule ina, koma inu ndi Harare wanuyo!"

Alamu kuchipinda anachita "eee" atadzidzimuka ndi phokoso langa. Achemwali anadzutsa mpando, anauika pamalo pake, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi chitenje.

"Pano ndi nthawi yanji, achimwene?"

"Kota thu seveni."

"Kota thu seveni m'mawa kanyali kayenera kuyaka kapena kuzima?"

Ndinakhalanso pa mpando uja.

"Kazima chifukwa kadziwa kuti kunja kwacha. Imwani tiyi."

Ndinamwa tiyiyo ngati mwana wa sukulu. Komabe chitsimikizo chinali chisanafike. Eyiti koloko magetsi anazima monga mwa masiku onse, ndipo achemwali anati zili bwino, mayeso enieni ndi amenewo. Ngati modemu idzuke n'kukafunsa nthawi yokha, tidzaona thu koloko. Sindinabwerere kumtunda. Ndinathandiza kutembenuza alamu, ndinawaza nkhuni zimene sanandipemphe, ndinakonza chitseko cha bafa chimene chinali chisanawonongeke kwenikweni. Magetsi anabwera teni pasiti thwelofu. Kanyali kofiira ka moto kanayaka, ka netiweki kanayaka, kobiriwira kaja ayi.

Faifi thu thu tonse awiri tinali chilili pabalaza, makosi ali m'mwamba. Ine maso pa wotchi yanga, iwo pa modemu. Muvi wa masekondi unakwera, unafika pamwamba, ndipo ndisanatsitse mkono achemwali anati, "Ako." Kanyali kanali katayaka. Kuseri kwa nyumba kunamveka kamfuu ka atsikana. Ine ndinawomba m'manja ngati chitsiru, misozi ili m'maso, ndikunena kuti achemwali ndinu munthu woopsa. Iwo anangotenga pensulo n'kulemba nthawiyo pa kalendala, kenaka analowa kuchipinda ndi foni.

Mwana sanaimbe tsiku limenelo. Sanaimbe mawa lake, ngakhale mkuja. Tsiku lililonse magetsi ankazima, ankabwera, thu koloko kanyali kankayaka osaphonya, ndipo foni inkangokhala duu pa bulangete la alamu. Ine ndinkatsika masana onse. Mwezi unatsala ndi masiku asanu, kenaka anayi. Usiku tulo sindinkatiwona. Ndinkangoganiza kuti mwina wathawa kale, mwina ali m'misewu ya eni akufunsa njira ya kwawo, zonsezi chifukwa cha kabokosi kamodzi ndi kunyada kwa malume wake. Achemwali sananene mawu amodzi ondikumbutsa. Ankameta alamu ndevu tsiku ndi tsiku thu koloko isanakwane, n'kuwaveka shati yoyera, kuti mwana akadzawaona asadzaone wodwala wotayidwa.

Foni inalira Lachinayi, twente thu folo. Achemwali anadina kamodzi, nkhope ya muphwa wanga inatulukira, yowonda, atafunda mpango wakuda. Sanapereke moni.

"Ali kuti?"

Achemwali anatembenuza foni n'kuilozetsa pabedi.

"Ababa," anatero mwanayo. "Ngati mukundimva, kwezani dzanja."

Alamu anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono, anatambasula zala, n'kuchita "eee" wawo uja, wautali kuposa masiku onse. Mwanayo analira mokweza, kulira kwa pamaliro kwenikweni, ndipo ndinazindikira kuti kwa milungu itatu anakhala akulira bambo ake yekhayekha m'kachipinda ka eni, popanda womugwira paphewa. Ndinatuluka pakhonde chifukwa sindikanatha kupirira. Ndili pomwepo ndinamva akufunsa chimene chinachitika, ndipo achemwali anati kamakina kanasokoneza nthawi, koma takakonza ine ndi amalume ako. Takakonza! Ndinabwerera m'chipindamo n'kuweramira pa foni.

"Amayi ako akundibisa. Ndinasokoneza ndine, akonza ndi iwo. Ndipo za agogo ako zija, ndinalakwa."

Mwanayo anandiyang'ana, anapukuta m'maso ndi mpango. "Ndamva, amalume." Kenaka anati, "Amayi, ndikhala, sindithawa. Koma mundilonjeze chinthu chimodzi, ababa akumva. Tsiku likadzafika, mudzandiuze tsiku lomwelo. Osati matenda akula. Mudzandiuze."

Zotere sizinenedwa pamaso pa wodwala. Koma achemwali anayang'ana amuna awo, alamu anagwedeza mutu, ndipo iwo anabwerera pa foni.

"Ndidzakuuza tsiku lomwelo, ndi ola lake."

Alamu anakhala nafe miyezi ina isanu ndi inayi. Anatisiya m'mawa wina mvula ikupita kumapeto, achemwali akuwapukuta kumaso. Pofika masana nyumba inali itadzaza, amayi a mvano akuimba pabalaza, mipando itatulutsidwa, amuna tili panja pa msasa. Akuluakulu a kuchimuna anandiitanira pambali. Anati mwana ali kutali, ali yekha, sangabwere, mukamuuza lero adzadzipweteka. Anati timuuze kuti matenda akula, zenizeni adzamve maliro ataikidwa, mtima utakonzeka. Anati inu ndinu mwini mbumba, kalankhuleni ndi mlongo wanu. Ndivomere, mawu awo anandilowa. Ndi mmene tinakulira, ndipo anthuwo sankanena mwa nkhanza.

Ndinavula nsapato, ndinalowa m'nyumba ya siwa chokwawa pakati pa amayi, ndinagwada pafupi ndi achemwali. Anali pa mphasa pakona, atafunda chitenje kumutu, maso atatupa. Ndinayamba kunong'ona uthenga wa akuluakulu. Anandimvera mpaka pakati, kenaka anandigwira dzanja, analitembenuza n'kuyang'ana wotchi yanga. Inali faifi thu thu.

Namfedwa sadzuka pa mphasa nyimbo ili mkati. Achemwali anadzuka. Amayi awiri anayesa kuwagwira, iwo anawachotsa manja mwaulemu, analowa kuchipinda, ine ndikutsatira. Anatenga foni pansi pa pilo, anakhala pa bedi limene linali litayalulidwa, anadikira. Thu koloko itakwana foni inagwira. Anayesa kuimba, sinayankhidwe, foni ya mwana inali kwa abwana ake. Ndiye anadina pojambula mawu. Anakonza pakhosi kamodzi, n'kulankhula momveka bwino, liwu ndi liwu.

"Mwana wanga, ndine mayi ako. Lero ndi Lachiwiri. Ababa ako amwalira m'mawa uno, kota pasiti seveni. Ndinali nawo, sanavutike. Tiika mawa. Sindinakubisire kanthu."

Anatumiza, anadikira mpaka kachizindikiro kataonetsa kuti uthenga wapita, anandipatsa foniyo kuti ndisunge. Atatero m'pamene anagwa pachifuwa panga n'kuyamba kulira.